Lole Inazima Katatu pa Maliro a Saulosi

Ana inu, tasendezani mipandoyo kuno kumthunzi, ndipo mafoniwo muyambe mwawaika m'matumba. Dzulo ndinakumvani mukuseka lole yanga imene ili pamiyala kuseri kwa nyumbayi, wina n'kumati tiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha popeza yasanduka chisa cha nkhuku. Sindinakwiye ayi. Nkhukuzo zikuikiramo bwino, ndipo mazirawo mumadya ndinu. Koma lero ndikuuzani zimene ndinatsala pang'ono kuwachita agogo anu a Naphiri, amene anabereka mayi anu, chifukwa cha lole imeneyo ndi kunyada kwanga. Mukafuna kuyankha, muyankhe m'Chichewa. "Yebo khulu" wanuyo, wa chilankhulo cha kunoyu, mukamuuze wa kusitolo.

Ine ndinabadwira konkuno ku Hwange, pakomboni ya mgodi. Amene anayenda ulendo ndi bambo anga. Anachoka ku Dedza wapansi, nsapato atazipachika paphewa kuti zisathe, n'kudzazivala ataona utsi wa malasha. Inu mukapita pamsika pomwepa mumadikira kombi.

A Saulosi, amuna awo a Naphiri, simunawaone. Anali a ku Angonia, ku Mozambiki, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka pamene mgodi wa Kamandama unaphulika. Anzawo ambiri anatsalira pansipo, ndipo iwo sanafunenso kutsika, anapempha kuti awaike kugalaja. Ine ndinali dalaivala, ndiye ndinkawapititsira galimoto zodwala, n'kumakhala pompo kuonerera. Zonse zimene ndikudziwa za injini anandiphunzitsa ndi iwowo, ndipo sanatope nane ngakhale ndinali wouma mutu. Ndikangogwira sipanala ankandimenya padzanja. "Aikona, Mbewe! Yamba wanunkhiza, kenako uyang'ane. Sipanala ndi yomaliza."

Galimoto zanu za lero zilibe kabureta, ndiye ndikufotokozereni, apo ayi nkhaniyi ikudutsani. Kabureta imakhala pamwamba pa injini, ntchito yake ndi kusakaniza petulo ndi mpweya. M'kati mwake muli kambale kolandira petulo, ndipo m'kambalemo mumayandama kachitini kotsekeka kamene timati fuloti. Petulo akadzaza, fuloti imakwera n'kukankha kasingano kotseka polowera. Thanki ya chimbudzi cha m'nyumbamu imagwira chimodzimodzi, koma musakaitsegule, mundiwonongera. Tsono kasinganoko kakalephera kutseka, petulo amangolowabe. Amasefukira kunja n'kumadontha, wina amathira m'kati mwa injini, injini n'kutsamwa n'kuzima. Ukamathamanga siziwoneka msanga, chifukwa injini ikumwa kwambiri. Zimakugwira ukamayenda pang'onopang'ono. Ndipo ukaisiya kanthawi padzuwa, petulo wosefukirayo amauma, galimoto n'kuliranso ngati palibe chimene chinachitika.

Nditapuma ntchito ndinagula lole ija, yakale kale, ya petulo. Inkanyamula mchenga, nkhuni, kwaya ya amayi, ndiponso maliro onse a bungwe lathu. Ife obwera, a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambiki, tinalibe mudzi wotilira kuno, choncho tinapanga bungwe loikana m'manda. Kumisonkhano ya bungweli mwamuna aliyense ankati chaka chamawa akubwerera kwawo. A Saulosi ndiye ankaposa onse. Ankatchula mayina a mapiri, ankafotokoza mbatata za kwawo mpaka iwe malovu kudzaza m'kamwa. Chaka chamawacho chinafika kambirimbiri, iwo ali pompano.

Anamwalira mu Okutobala chaka cha 2008, ndi chifuwa. Mayi anu anali asanakwatiwe ndi bambo anu Yohane, ankangopatsana moni wautali kutchalitchi, ife n'kumachita ngati sitikuona. Chaka chimenecho pamalo omwetsera mafuta panali gwa. Petulo ankabwera m'zigubu kuchokera kutsidya kwa malire, munthu n'kumasunga kabotolo pansi pa bedi ngati mankhwala. Ndiye bungwe linagwirizana kuti pakagwa maliro, nyumba iliyonse ibweretse botolo limodzi la petulo kwa ine. Masana a tsiku lotsatira imfayo pakhomo panga panadzaza mabotolo, a mafuta ophikira, a sikwashi, lina munali mphemvu yakufa. Ndinawayang'ana misozi ili m'maso, chifukwa ndinkadziwa kuti anthuwo apereka chomwe analibe.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Sefa ya petulo ya loleyo inali itatsekeka miyezi ingapo m'mbuyomo, yatsopano kunalibe, ndiye ndinaichotsa n'kungolumikiza paipi. A Saulosi anandikalipira ali pamphasa kudwala, ine n'kuti ndikonza sabata yamawa. Tsono poona zinyalala m'mabotolo muja ndinati ndisefe ndekha. Ndinatenga sokosi ya kumgodi, zija zofiira za ubweya zimene tinkavala m'majombo. Nyumba iliyonse ya pakomboni inali nazo, ndipo zikatha ntchito ya kuphazi tinkapukutira nazo nsapato, kumangira mipope yodontha, ena osawatchula maina ankasefera nazo mowa. Ndinaivundikira pafanelo n'kuthira mabotolo onse, ndikudziyamikira kuti ndine wanzeru.

M'mawa mwake ndinathamangitsa lole kukatenga bokosi, inalira bwinobwino. Mwambo wa kutchalitchi utatha tinakweza bokosi kumbuyo, amuna anayi atakhala m'mbali mwake. Mukudziwa mmene timaperekezera maliro. Galimoto imayenda liwiro la munthu wapansi, amayi akuyimba kumbuyo, ndipo dalaivala wothamangitsa maliro amatchedwa wopanda ulemu mpaka imfa yake. Kutsogolo ndinakhala ndi a Jolamu, mng'ono wawo wa malemu, amene anayenda masiku atatu pamabasi kuchokera ku Angonia atangomva kuti matenda akula. Anali munthu wachisoni, ndipo mtima unkawawawa kuti mkulu wawo akugona kudziko la eni.

Titangodutsa holo ya mowa, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Nyimbo inaduka.

Pali mwambo umene inu simunauone. Galimoto ya maliro ikaima yokha panjira, sitinkati yawonongeka. Tinkati mwini wake wakana. Palibe amene amaloledwa kugwira galimotoyo, dalaivala amakhala phee pampando wake, ndipo wamkulu wa kubanja amakwera kumbuyo kukalankhula ndi womwalirayo. A Jolamu anakwera, nagogoda pabokosi cha kumutu. "Achimwene, tikudziwa apa mumacheza ndi anzanu. Tsanzikani, tizipita, dzuwa lakwera." Anthu ena anaseka chamumtima, chifukwa a Saulosi pamalo pamenepo ankawadziwa. Analankhula kanthawi ndithu, akulu ena n'kuwonjezerapo mawu awo. Nditapotokola kiyi, lole inalira. Anthu anati, "Amva, amva."

Ine fungo ndinali nditalimva kale. Petulo ankanunkha m'kati monse mmene ndinakhala, ndipo ndinadziwa kuti kabureta yasefukira, ndinadziwanso kuti chimene chailiza ndi dzuwa la Okutobala limene laumitsa petulo pamene akulu amalankhula. Koma ndinakhala chete. Ndinali Mbewe wophunzitsidwa ndi a Saulosi, munthu amene komboni yonse inkabwera kudzafunsa za injini. Ndinene pamaso pa anthu onsewo kuti lole yanga yalephera pamaliro a mphunzitsi wanga? Ndinati mumtima, mwina ifika.

Sinafike. Inazimanso titangowoloka njanji, ija yopita kusiteshoni ya Thomson Junction. Ulendo uno palibe anaseka. Mayi wina kumbuyo ananena mokweza kuti, "Akufuna sitima. Akufuna kwawo." Mawuwo anayenda m'gulu lonse. A Jolamu anakweranso, koma polankhula maso awo sanali pabokosi, anali pa a Naphiri. "Achimwene, munkafuna kubwerera kwanu, tonse tikudziwa. Ngati pali amene anakutsekerani njira, ife sitikumudziwa. Tiyeni, musatichititse manyazi." A Naphiri anali atagwiridwa mikono ndi amayi awiri, ndipo ndinaona pagalasi mmodzi wa amayiwo akuwasiya pang'onopang'ono.

Muyenera kumvetsa kuti pakomboni mawu otere sankatha. Mkazi amene mwamuna wake wakana kupita kumanda chifukwa cha iye ankatchedwa dzina limene sindilitchula pano. Pampope anthu ankachoka akafika, tomato wake pamsika ankawolera pathebulo, ndipo mwana wake wamkazi palibe banja limene likanamufunsira. A Naphiri anabadwira konkuno kwa makolo a ku Zambia amene anali atamwalira kale. Analibe kwina kopita.

Ndinaliza lole mwa njira imene a Saulosi anandiphunzitsa ya injini yotsamwa, kuponda moto mpaka pansi osapopa, n'kupotokola kiyi. Inabangula, utsi wakuda bii pa amayi oyimba. Ndinayenda ndikupemphera pemphero lopanda manyazi, loti Mulungu andibisire kulakwa kwanga mpaka kumanda. Tinafika pamlambe waukulu uja, manda akuoneka patsogolo, okumba ataima pamulu wa dothi kutiyang'ana. Pamenepo inazima kachitatu.

A Jolamu anatsika osakwera kumbuyo. Analunjika kwa a Naphiri. "Alamu, katatu si masewera. Gwadani apa pafupi ndi amuna anu, munene chimene munawachita. Mukanena, apita."

Ine ndinali nditagwira chiwongolero ndi manja onse. Kenako pazenera panatulukira nkhope ya agogo anu a Nabanda, akazi anga. Mumawadziwa, mpaka lero mawu awo sazungulira. Analankhula motsitsa kuti ena asamve. "Bambo a Yohane, ine ndakhala ndikuponda madontho a petulo kuyambira kuholo. Mphuno mwaisiya kunyumba? Mnzanga akugwada pamsewu, inu mwakhala apa ngati katundu."

Ndinayang'ana pagalasi. A Naphiri anali atagwada kale pafumbi la malasha, milomo ikuyamba kutseguka.

Ndinatsika n'kutsegula boneti. Phokoso lake linamveka ngati mfuti pamalo pali zii. Mkulu wina wa bungwe anakuwa, "A Mbewe, mwapenga? Sitigwira!" Ndinati, "Pepani akuluakulu, mundilange pambuyo. A Saulosi sanakane kalikonse. Yakana ndi kabureta, ndipo wolakwa ndine. Bwerani mudzaone."

Anabwera ochepa, ena anabwerera m'mbuyo ndi mantha. Kabureta yonse inali yonyowa, petulo akutsetsereka m'mbali mwake n'kumagwera pachitsulo chotentha cha injini, tsi, tsi. Pamenepo ndinaona kuti ndakhala ndikuyendetsa moto ndi bokosi kumbuyo ndi anthu m'mbali. Ndinauza wina kuti azimitse fodya wake msanga. Ndinachotsa chivindikiro cha mpweya, ndinapinda paipi ya petulo n'kuimanga ndi chingwe cha nsapato, n'kumasula tizomangira ta pamwamba. Kambale kanali kodzaza mpaka pakamwa. Ndinatulutsa fuloti n'kuigwedeza pakhutu, chifukwa ikabooka imamwa petulo n'kumira, ndipo umamva kuchuchumira m'kati. Inali chete, yabwinobwino. Ndiye ndinasolola kasingano. Pamalo pamene kamakhala panali kaulusi kofiira, kakafupi kuposa chikhadabo, katapindika pakhomo penipeni.

Ndinakatola n'kukaika pachikhatho, n'kupita nako kwa a Jolamu. "Akulu, onani. Uwu ndi ubweya wa sokosi yanga. Ndinasefera petulo dzulo, ndipo sefa yeniyeni ndinaichotsa kale, achimwene anu anandiletsa koma sindinamve. Fungo ndinalimva kuholo kuja, n'kukhala chete chifukwa cha manyazi. Alamu anuwa adzuke."

A Jolamu anayang'ana kaulusiko nthawi yaitali. "Tsono kaulusi aka kadziwa bwanji kuima panjanji?"

"Za akufa ine sindizidziwa," ndinatero. "Ndikudziwa zanga. Ndiloleni ndimange. Ikazimanso tisanafike, amene agwade pamsewu pano ndine."

Pomanga panabukanso vuto. Gasiketi, kachikopa kopyapyala kotseka pakati pa zitsulo ziwiri kuti petulo asatuluke, inali itang'ambika pomasula. Ndinaima nayo m'manja osadziwa chochita. A Nabanda sanafunse munthu. Anang'amba chikuto cha kumbuyo cha buku lawo la nyimbo n'kundipatsa. Ndinaika yakale pamwamba pake, n'kudula mozungulira ndi mpeni, n'kuboola mabowo ndi msomali. Ndinauzira pamalo pa kasingano ndi pakamwa mpaka milomo kuwawa ndi petulo, ndinabwezera zonse, ndinapukuta paliponse ponyowa ndi malaya anga oyera a kutchalitchi, n'kudikira kuti paume.

Inalira. Ndinaisiya ikulira pang'onopang'ono boneti ili yotsegula, tonse tikuyang'ana. Palibe dontho. Kuchokera pamlambe kukafika kumanda ndi pafupi, koma sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo, ngakhale uja wa ku Bulawayo nthawi ya mvula. A Nabanda anapita kukagwira mkono wa a Naphiri, mbali imene mayi uja anasiya, n'kuyambitsa nyimbo okha. Tinalowa pachipata cha manda injini ikulira bwinobwino, ndipo ndinaizimitsa ndekha ndi kiyi.

Bungwe linandidzudzula pamsonkhano wotsatira chifukwa chogwira galimoto, ndipo ndinavomera. Kwa chaka chathunthu anthu ankandifunsa ngati ndili ndi sokosi yobwereka. A Jolamu pochoka anatsanzika alamu awo ndi manja awiri, ngakhale ine sanandiyang'ane kumaso. Sindiwaimba mlandu. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha agogo anu a Nabanda, amene anandichotsa pampando paja, ndipo ndimathokoza a Saulosi amene anandisiyira manja odziwa pogwira. Pakanapanda awiri amenewa, ine ndikanakhala munthu amene anaonerera mkazi wa mnzake akuwonongeka ali ndi yankho m'mphuno.

Koma nkhani sinathere kumanda. Mvula itagwa, chimanga cha kuseri kwa nyumba chitafika m'chiuno, a Naphiri anabwera kuno masana ena. Anakhala pakhonde ili, a Nabanda ali pambali pawo, n'kunena kuti, "A Mbewe, tsiku lija mukanachedwa pang'ono, ndikananena."

Ndinadabwa. "Mukananena chiyani, mayi? Inali sokosi."

Anagwetsa nkhope. Anati nkhondo ya ku Mozambiki itatha, kunabwera kalata ndi munthu wa pabasi, a Saulosi ali kuntchito. Inali yochokera kwa amalume a amuna awowo, kuwaitana kuti abwerere akayang'anire mbumba ndi minda. A Naphiri anali ataona amuna ena akupita choncho, n'kukakwatira kwawo, akazi a kuno n'kutsala akuyang'ana njanji. Ndiye kalatayo anaibisa kuseri kwa chithunzi cha ukwati wawo chimene chinali pakhoma. "Zaka zonsezi akamati chaka chamawa ndikupita kwathu, ine mtima unkandilasa. Lole itaima panjanji ndinati basi, adziwa tsopano, andikwiyira. Mpaka lero mtima sukhala pansi. Ndinawamana kwawo."

Ana inu, ine pamenepo ndinalephera kudzigwira, ndinaseka misozi ikutuluka. A Nabanda ananditsina. Ndinati, "Mayi, kalata imeneyo ndikuidziwa. Ya pepala la mizere, yolembedwa ndi inki yobiriwira?"

Anadzutsa mutu.

Ndinawauza zimene a Saulosi anandiuza kalekale, tili chigonere pansi pa galimoto kugalaja, n'kundilumbiritsa kuti ndisanene. Tsiku lina msomali wa chithunzicho unagwedera, iwo pokhomerera kalata inagwa. Anaiwerenga kawiri, n'kuibwezera pomwepo mmene inaliri. Anandiuza kuti, "Mbewe, ikanafika m'manja mwanga poyera, amalume sakanizidwa, ndikanapita. Koma ine ndipite kuti? Kwathu ndi kumene kuli mkazi uja. Wandipulumutsa, ndipo asadziwe kuti ndikudziwa, angachite manyazi. Za chaka chamawazo ndimangonena kuti anzanga asandiseke."

A Naphiri anaika manja pamaondo. Kenako anafunsa, "Ananenadi choncho? Kuti kwawo ndi kumene kuli ine?"

"Ananena, mayi. Ndinamva ndi makutu anga awa."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. "Ndiye ankadziwa, n'kumandionerera ndikuvutika zaka zonsezi? Mwamuna woipa ameneyo." Anaimirira n'kukonza chitenje chawo. "A Mbewe, mawa mundiperekeze kumanda. Ndikufuna ndikawakalipire."

Tinawaperekeza, ine ndi a Nabanda. Ife tinaima patali, iwo anakhala pansi pambali pa mtumbira, ndipo analankhula mpaka dzuwa linafika pamutu.